Maliro Olemera a Bambo Lusiyano

Bwana wa pa esiteti atanena kuti lole yonyamulira maliro atipatsa yaulere, dizilo ndi dalaivala yemwe, ndinayenera kudabwa. Munthu ameneyu tonse ku Simlemba tinkamudziwa. Tenanti akamwalira, iye ankangoloza kankhalango ka kuseri kwa zigafa n'kunena kuti dothi ndi limodzi kulikonse. Koma tsiku limenelo anavula chipewa, anapepesa, n'kunena kuti malemu Lusiyano Kachigamba akagone kwawo ku Dedza monga ankafunira. Ine Benedikito, m'malo modabwa, ndinagwada n'kuwomba m'manja. Uchitsiru wanga unayambira pamenepo.

A Lusiyano anali tenanti wa fodya ngati ine ndemwe, koma likafika Lamulungu ankasanduka munthu wina. Ndiwo ankaphunzitsa kwaya pa katchalitchi kathu. Kupatula nyimbo za masiku onse, anali ndi nyimbo ina imene anatiphunzitsa anthu atatu okha: ine, Agata ndi Rozina, iwowo kukhala achinayi. Inali ya Chilatini. Anaiphunzira ali mnyamata ku mishoni ya kwawo, kwa wansembe wina wokalamba amene anali ndi buku lothetheka. Ankati nyimboyi inkaimbidwa ku Ulaya zaka mazanamazana zapitazo, m'matchalitchi amiyala aatali ngati phiri, pa zikondwerero zikuluzikulu ndi pa maliro a anthu olemekezeka. Anthu wamba a kumeneko, ankatero iwo, nawonso Chilatini sankachimva. Ankangoima kumbuyo kukamwa kuli yasa, koma potuluka ankadziwa kuti lero afika pakhomo pa Mulungu.

Kaimbidwe kake n'kodabwitsa. Munthu mmodzi amagwira liwu limodzi, aaa, osakwera, osatsika, mpaka mpweya kutha, kuba mpweya pang'ono n'kuligwiranso. Enawo amayendayenda pamwamba pake, aliyense njira yake, kusemphana, kutayana, n'kudzakumananso. Wogwira liwu limodziyo ndinali ine, ndipo ndinkadandaula. Zaka khumi munthu wamkulu wandevu kumangoti aaa ngati ng'ombe yosowa mwana!

“Iwe ndiwe mphanda ya chigafa,” ankatero a Lusiyano. “Anthu amayamikira fodya wolendewera, koma mphanda ikagwa, zonse zili pansi.”

Ali gone pa mphasa, kutatsala masiku awiri kuti atisiye, anandigwira dzanja n'kupempha zinthu ziwiri: akaikidwe kwawo, ndipo nyimbo ija tikaiimbe pamanda pawo. Anati anthu olemekezeka a ku Ulaya asamadye okha, nayenso tenanti alaweko. Zonse ziwiri ndinalonjeza.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa, mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Matenanti anzathu sanaloledwe kuperekeza chifukwa mbande ku nazale zinali zitakula, zikungodikira mvula yoyamba. Kumbuyo kwa lole tinalipo anayi: mayi Nangozo, amene anali mkazi wa malemu, Agata, Rozina ndi ine. Dalaivala anali Chikadza, chimunthu chonenepa chosakonda kuyang'ana mnzake m'maso. Tinapeza chakutsogolo kwa bodi ataunjika kale zinthu mpaka m'chiuno, n'kuphimba ndi ziguduli za fodya ndi lona pamwamba.

“Ndi madeya awa,” anatero Chikadza ndisanafunse n'komwe. “Abwana ati bokosi lisamagunde chitsulo.”

Tinaika bokosi pamwamba pake, tinamanga ndi zingwe, tinasomeka nthambi zamasamba kutsogolo ndi kumbuyo kuti aliyense adziwe kuti ikudutsayi ndi galimoto ya maliro. Mayi Nangozo anakhala pansi n'kutsamira muluwo, mutu wawo uli pafupi ndi mutu wa amuna awo.

Pa mphambano yoyamba, m'malo moloza ku msewu waukulu wa phula, Chikadza anakhotera kumwera, njira yafumbi ya ku Chamama. Ndinamenya denga la lole. Anatulutsa mutu pawindo.

“Yachidule!” anakuwa, n'kubweza mutu.

Ine ndakhala ku Kasungu zaka zambiri ndithu, ndipo ndikudziwa kuti njira imeneyo ndi yachidule kwa mbalame yokha. Koma galimoto ndi yaulere, munthu ungatani?

Za m'njira n'zosachita kufotokoza: mizere yopanda kanthu mpaka kumene maso alekeza, zigafa zopanda denga, zitsa, ndi akamvuluvulu akuthamangitsana m'minda. Chimene chinkandisautsa ndi anthu. Paliponse pamene panali depoti ya feteleza wa sabuside panali chinamtindi, amayi ndi abambo atakhala padzuwa, makuponi atamangidwa pa nsonga ya chitenje kapena atapanidwa m'chipewa. Tikamadutsa tikuimba nyimbo za maliro, ankaimirira, abambo n'kuvula zipewa. Koma maso awo sankakhala pa bokosi. Ankatsatira lole, monga ankatsatira lole iliyonse chaka chimenecho.

Tisanalowe Chamama tayala lakumbuyo linaphulika. Tinakhala pamenepo maola awiri, Chikadza akulimbana ndi jeke imene inkangomira mumchenga. Ndinamuuza kuti titsitse bokosi ndi madeya aja kuti galimoto ipepuke. Anandiyang'ana koyamba m'maso tsiku limenelo, n'kuti ndisakhudze kanthu. Dzuwa linali litakwera, bodi yachitsulo ikuotcha ngati chiwaya, ndipo ntchentche zoyamba zinayamba kufika. Mayi Nangozo anavula mpango wa paphewa n'kumaziingitsa. Tonse tinkadziwa chimene kutentha kumachita ndi thupi la munthu, koma palibe anachitchula.

Pa Mtunthama tinafika dzuwa lili paliwombo. Chikadza anapita kukasaka madzi othira mu injini, ine n'kulowa m'golosale ina kukapempha akumwa. Mwini wake anali Che Yusufu, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, amene anatuluka yekha ndi ndowa ndi kapu, n'kukapepesa anamfedwa mwaulemu. Pobwerera anaima, n'kuyang'ana matayala akumbuyo nthawi yaitali.

“Achimwene, malemuwa anali munthu wathupi?” anandifunsa motsitsa mawu.

“Ayi, anali ochepa kuposa ine. Matenda anawamaliza.”

“Ehe.” Anakanda ndevu. “Maliro anuwa ngolemera.”

Ndinati ndi madeya. Sananditsutse. Anangonena kuti kutsogoloko, tisanafike ku Bua, kuli depoti ina kumene anthu agona masiku anayi feteleza osabwera, ndipo mitima yawo yafika m'khosi. Anati pamenepo tisaime, ngakhale wina afune kutaya madzi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma chiwongolero sichinali m'manja mwanga.

Titachoka pa Mtunthama tinalawako phula pang'ono, Chikadza n'kupatukanso kulowa njira ina yamabampu. Pa bampu lina lalikulu tonse tinadumpha, bokosi linalira pa zingwe, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona timibulu toyera tikutsika kuchokera pansi pa chiguduli, tikugubuduka kubwera kuphazi kwanga. Ndinatola kamodzi n'kuika pa lilime. Munthu amene wathira fodya wa eni zaka makumi awiri safunsa kuti feteleza wa yuleya amakoma bwanji. Ndinapisa dzanja pansi pa lona: matumba olimba gwa, osanjikizana, ambiri.

Mutu unaima. Bwana uja sanatipatse lole. Ife ndi amene tinamupatsa maliro. Ankadziwa kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali a Lusiyano. Ndinaganiza zomenya denga n'kumufunsa Chikadza, koma ndinaona m'maganizo akutitsitsa pomwepo, pakati pa minda, ndi bokosi padzuwa. Ndinaganiza zouza amayi aja, n'kuona kuti ndingowawonjezera katundu. Kunena zoona, ndinachita mantha. Ndinaponda timibulu tija ndi nsapato n'kukhala chete.

Apa n'kuti mawu athu atasasa ndi nyimbo za maliro, ndipo nthambi zija zinali zitafota, zina zitagwa m'njira. Agata, mayi wosakonda zinthu zochita mwachisawawa, anati tiyeserere nyimbo ya mawa, chifukwa chiimbireni tinali tisanaiimbepo atatu.

“Tikachita manyazi pamanda pa aphunzitsi,” anatero. “A Bene, gwirani.”

Ndinagwira liwu langa. Agata analowa, Rozina n'kutsatira. Titafika pamene a Lusiyano ankalowera, panali bowo. Rozina anasweka n'kuyamba kulira, tinayambiranso. Kachitatu tinadutsa bowolo, ndipo tinali tikadali m'kati mwa nyimbo pamene lole inalowa mumchenga wa pakamtunda kena, inatsokomola kawiri, n'kuzima. Chikadza anapotokola kiyi. Sitata inangoti kete, kete, basi.

Nditadzutsa mutu ndinaona nyumba yamalata yotseka ndi loko, ndi anthu. Sindinawerenge, koma anadzaza bwalo lonse mpaka pansi pa mitengo ya mango. Pamalo onse a m'dziko la Kasungu, tinafera pa depoti yomwe ija.

Sanathamange. Anadzuka mmodzimmodzi n'kumabwera pang'onopang'ono, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanathamanga. Zipewa palibe anavula. Patsogolo panali bambo wina wamtali wa malaya ong'ambika paphewa, atanyamula chikwanje.

“Mumaimba chiyani?” anafunsa.

“Ndi maliro, bambo. Tikupita ku Dedza,” ndinayankha.

“Sindinafunse kopita. Ndati mumaimba chiyani? Ife maliro timalira tsiku ndi tsiku, nyimbo zake timazidziwa, za Akatolika, za mipingo ina, ngakhale za Asilamu. Imeneyo ndi ya mpingo uti?”

“Ndi Chilatini,” anatero Agata.

“Chichani?”

Kumbuyo wina anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Mayi wina wobereka mwana anakuwa kuti maliro anji a anthu anayi, opanda masamba, oimba aliyense zake ngati oledzera. Wina anati anamva kuti mavenda masiku ano akumanyamula feteleza m'mabokosi a maliro. Wina anati ayi, amenewa ndi okhwima, akuimba zoti maso a anthu asaone. Mawu amenewo anayenda m'khamumo ngati moto wa lupsa. Ndinamva wina akutuma mnzake kuti akatenge petulo kwa wa njinga yamoto. Chikadza anakweza magalasi n'kukhala m'kati ngati mwala.

“Tsegulani bokosi,” anatero wa chikwanje uja. “Mukakana titsegula tokha. Tikapeza feteleza, galimotoyi ipsa ndi zonse zili m'menemo.”

Anaponda tayala n'kugwira bodi kuti akwere. Akanakwera, phazi lake likanatera pafupi ndi langa, pa timibulu tija, ndipo kukoka lona kamodzi kokha kukanatha nkhani. Ndinaona a Lusiyano akupsa pamsewu ngati zinyalala, kwawo osafika.

Mayi Nangozo, amene kuchokera ku Simlemba anali asanatulutse liwu, anaimirira.

“Musavutike kukwera, bambo,” anatero. “Amuna angawa ndawasambitsa ndekha, ndiwaonetsanso ndekha. A Bene, masulani chingwe.”

Tinamasula, tinakokera bokosi kumapeto kwa bodi kumene aliyense akanatha kuona ali pansi. Mayiwo anatsegula kachitseko ka kumutu ndi manja awo. Fungo linatuluka, anthu a patsogolo n'kubwerera m'mbuyo. Wa chikwanje uja anasuzumira. A Lusiyano anali momwemo, thonje m'mphuno, kolona pachifuwa, nkhope itayamba kutupa.

“Mwawaona?” anafunsa mayi Nangozo. “Alima fodya kuno zaka makumi awiri ndi zitatu, akubwerera kwawo ndi malaya amodzi. Nyimbo mukuinenayo ndi yawo, ndi imene anali nayo basi.” Anatembenukira kwa ife. “Imbani, aimve bwinobwino.”

Ndinabwerera pamalo anga aja, nsapato pa timibulu, msana utatsamira lona, n'kutsegula pakamwa. Sindikudziwa kumene mpweya unachokera. Liwu linatuluka lolimba, losagwedera, kuposa tsiku lina lililonse la zaka khumi zija. Agata anakwera pamwamba pake, Rozina anamutsatira akulira, mawu awo n'kumapotana ndi kumasukana. Pa bowo la a Lusiyano sitinaime. Tinalisiya lotseguka, ndipo ndikhulupirira kuti aliyense pabwalopo anamva kuti pakusowa munthu.

Chipewa choyamba chinatsika, kenako china. Amayi anakhala pansi m'fumbi, miyendo atatambasula, monga amakhalira pa siwa. Mayi wobereka mwana uja anaphimba nkhope ndi chitenje. Palibe ndi mmodzi yemwe anamva tanthauzo la liwu lililonse, koma bwalo lonse linangoti zii. Zinali ndendende monga a Lusiyano ankanenera za anthu wamba a ku Ulaya, ndipo ine, m'malo mokondwa, ndinkafuna nthaka itang'ambika.

Titamaliza, wa chikwanje uja anagwada pafupi ndi tayala.

“Mutikhululukire, mayi. Njala ya chaka chamawa yatipengetsa chaka chino.”

Chikwanje chomwe chija anakadulira nthambi za mango zaziwisi, n'kuzimanga yekha kutsogolo ndi kumbuyo kwa lole, kuti ena kutsogoloko asalakwitse monga analakwitsira iwo. Kenako anaitana amuna onse kuti akankhe. Anakankha, lole osasuntha. Anawonjezekera ena, amayi omwe, mapazi akumira mumchenga, thukuta lili kamukamu.

“Koma ndiye yolemera!” anatero wina akuseka.

“Ndi mchengawu,” anayankha mnzake.

Injini inagwira. Anatsala akutibayibitsa, atagwira makuponi awo. Sindinganene kuti matumba aja anali a depoti imeneyo, sindikudziwa. Koma anali a anthu ena ake okhala padzuwa ngati iwowo, ndipo anthu a pa depoti aja anawakankha okha ndi manja awo kuwatulutsa m'boma lawo.

Zotsalazo zinayenda mosavuta mpaka kunyansa. Tinawoloka Bua, tinadutsa Malomo, Ntchisi, n'kukagwira msewu waukulu. Aliyense woona masamba aziwisi aja ankatipatsa njira. Mu Lilongwe sitinaime. Kumbuyoko, kumpoto, kumwamba kunada bii, mphezi zikung'anima, mvula yoyamba ikugwera minda ya anthu aja. Palibe anaimbanso. Tinafika kumudzi kwawo kwa a Lusiyano, kupitirira Linthipe, dzuwa likulowa. Abale atangotsitsa bokosi, Chikadza anatembenuza lole, osamwa ngakhale madzi, n'kulunjika cha kumalire a dziko, matumba aja ali momwemo.

Mwambo unachitika mawa lake masana. Akatekisiti anapemphera, adzukulu anatsitsa bokosi m'manda, ndipo mchimwene wawo wa malemu analengeza kuti alendo a ku Kasungu ali ndi nyimbo imene malemu anaitanitsa. Tinaima atatu kumutu kwa dzenje. Ndinakoka mpweya.

“Dikirani.”

Anali mayi Nangozo. Anadzuka pakati pa amayi, anabwera pafupi, n'kulankhula motsitsa kuti timve atatu tokha.

“A Bene, ine ndatsamira matumba aja kuchokera ku Simlemba. Mukuganiza kuti msana wa tenanti sudziwa kusiyana kwa madeya ndi feteleza?”

Agata ndi Rozina anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi.

“Sindikukudani,” anapitiriza. “Munakhala chete kuti afike, inenso ndinakhala chete. Ndine ndinati muimbe, mlandu umenewo ndi wanga. Koma amuna anga ankati nyimbo iyi imanena zoona ngakhale kwa munthu wosamva Chilatini. Dzulo yanamiza anthu, mpaka agwada. Sindingalole kuti iwatsatire m'dzenjemu.”

“Mayi, ndinawalonjeza,” ndinatero, misozi ili mbwembwembwe.

“Munalonjeza ziwiri. Chimodzi tagulira chinzake. Afika kwawo.”

Anatembenuka n'kuuza mchimwene wa malemu kuti alendo atopa ndi ulendo, mawu awathera. Kwaya ya pamudzipo inayambitsa nyimbo wamba ya maliro, yomwe aliyense amaidziwa, ndipo adzukulu anagwira makasu. Ine ndinaima pomwepo, mpweya uja ukadali m'chifuwa, mpaka dothi linadzaza.